Mwanapiye wa m'Kapu Yachitatu

Mumzinda wonse wa Port Said, munthu amene sanadabwepo ndi masalamusi a Shehata anali mmodzi yekha: mkazi wake Tafida. Akanadabwa bwanji? Matumba obisika a mumkanjo wa mwamuna wake ankasoka ndi iyeyo. Anapiye otuluka m'makapu amkuwa aja ankawadyetsa ndi iyeyo, ndipo akakula n'kuyamba kuthina m'kapu, wowakazinga anali yemweyo.

Shehata ankawadziwa anthu. Akuluakulu savuta, amayang'ana kumene iwe ukuyang'ana. Nkhalamba ukangoitchula dzina mwaulemu, basi yaiwala za manja ako. Koma ana, aa! Mwana amakhala pansi, maso ake ali tong'o pathumba penipeni, ndipo sadziwa kusunga pakamwa.

Tsono chaka chimenecho dzanja lamanja linayamba kumunjenjemera. Sanauze munthu. Anangosiya kupita kudoko kukasangalatsa alendo a m'sitima, n'kumanamizira chimfine. Koma mwana wawo Sabah atabereka, patsiku lotulutsa khanda, apongozi ake a Sabah, Haji Ramzi, anakweza mawu pakati pa anthu.

"Kodi agogo enawa angobwerera kudya basi? Atiwonetse zawo zija! Kapena manja anakalamba?"

Shehata anangoseka nawo. Analumbira chamumtima kuti akachita manyazi pamaso pa asewere ake, makapuwo akagulitsa kwa osula.

Azimayi atatha mwambo wawo wowaza mchere ndi kusinja kamtondo kamkuwa pafupi ndi khanda, ana anakhamukira kutsogolo. Shehata anayamba ndi dzanja lamanzere. Anatulutsa dzira m'ndevu za Haji Ramzi, agogo ena mpaka kutsamwa ndi phwete. "Gala-gala!" anafuula mawu ake a masalamusi. Kapu yoyamba, mwanapiye. Yachiwiri, mwanapiye. Vuto linali yachitatu, chifukwa imeneyo kuilowetsa mwanapiye kumafuna dzanja lamanja.

Pomwepo Tafida anatulukira ndi tiyi, kudutsa pakati pa ana ngati palibe chikuchitika.

"Bambo ake Sabah, imwani kaye. Mawu asasa ngati a bakha."

"Mayi iwe, ndili pantchito!"

"Ntchito yake iti, pathebulo pakuda chonchi?" Anapukuta ndi kansalu, kusuntha makapu uku ndi uku, n'kubwerera pakhomo.

Shehata anapisa dzanja m'thumba mwakabisira. Munalibe kanthu. Anafufuza m'makona monse, koma mwanapiye munalibe.

"Ndaona!" kanakuwa kamtsikana kovala ndolo zofiira. "Apisa m'thumba koma sanatulutse kanthu! M'kapumo mulibe!"

"Mulibe! Mulibe!" anzake anapokera.

Haji Ramzi anapinda manja. "Tavundukulani, asewere. Tiwone."

Shehata anagwira kapuyo ali ndi chisoni chenicheni, mawu opepesa ali kale kukamwa. Anaitukula pang'onopang'ono.

Kamwanapiye kachikasu kanadzikung'untha, n'kulira kuti piyo.

Amene anakuwa kwambiri kuposa ana onse anali Shehata mwini wake. Anabwerera chambuyo mpaka kugunda mpando. Kamtsikana kaja kanangoti kukamwa yasa, amayi n'kuyamba nthungululu.

"Tamuoneni mmene akudzidabwitsira!" anatero Haji Ramzi, akupukuta misozi ya chimwemwe. "Ameneyu ndiye katswiri!"

Anthu atatembenukira ku chakudya, Shehata anamupeza Tafida kukhitchini.

"Mwanapiye uja unamuchotsa liti m'thumba?"

"Pomwe ndinkakuvekani mkanjo."

"Ndiye unkadziwa?"

"Chimfine chanji chotayitsa munthu tiyi pachifuwa m'mawa uliwonse? Zaka zonsezi ndakhala ndikusoka matumba anuwa, mumayesa ndinkasoka chotsinzina? Mawa tikupita kudoko tonse. Makapu awiriwo ndi anu, yachitatu ndi yanga."

Shehata anayang'ana dzanja lake lamanja. Mkazi wake anamugwira dzanja lonjenjemera lija, n'kulikhazika pakapu ya tiyi.

"Tiyi wanu uyu wazizira. Gwirani ndi manja awiri."