Apongozi pa Boneti

Apongozi anga atabwera ku Nairobi mu 1998 kudzaona mdzukulu wawo Tupochile, ine ndinasanduka mlendo m'nyumba yanga yomwe. Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, sadyera nawo pamodzi, ndipo mawu onse amadzera mwa mkazi. Kumudzi n'zosavuta zimenezo, tchire lopatukirako lilipo. Koma nyumba yathu ya ku South C inali ndi kanjira kamodzi kokha kopita kubafa. Masabata atatu ndinkayenda monyang'ama, kutsokomola pakona iliyonse kuti adziwe ndikubwera. Tsiku lina ndinabisala kuseri kwa filiji mphindi makumi awiri, tayi ili m'khosi, anthu akundidikira kuntchito ku Gigiri.

Choncho Loweruka loti akwere ndege ndinadzuka mtima uli mbee. Koma akanaiphonya ndegeyo, tikiti yawo inali yoti adikire mpaka Loweruka linalo. Masiku ena asanu ndi awiri kuseri kwa filiji! Ndinalumbira kuti zimenezo sizichitika.

Nkhawa yanga inali galimoto. Inali nkhalamba ya mu 1979, ndipo sabata imeneyo inkatsokomola m'mawa uliwonse kuposa ine. Dzulo lake ndinali nditagula mapulagi anayi atsopano m'tauni, pamodzi ndi sipanala yake.

"Bambo a Tupochile," anatero mkazi wanga Lenah, "bwanji osangoitana fundi wokonza galimoto? Kapena tikwere takisi?"

"Fundi wa chiyani? Kusintha mapulagi n'chimodzimodzi kusintha babu. Amayi apita pa galimoto ya mkamwini wawo."

Chimene chinandipweteketsa ndi ukhondo. Nditatsegula boneti ndinaona kuti mawaya opita ku mapulagi ada bii. Ndinawazula onse anayi, uku ndi uku, n'kuwapukuta ndi kansalu mpaka kuwala. Ndinamanga mapulagi atsopanowo mwamphamvu zanga zonse, kenako mawaya aja ndinawabwezera mmene anandikomera m'maso. Ndinalowa, n'kupotokola kiyi.

Phuu!

Akhwangwala anabalalika padenga. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pazenera n'kufuula mondipepesa m'Chiswahili kuti, "Pole sana, mzee!" Ndinasinthanitsa mawaya awiri. Phuu! Ndinasinthanitsa enawo. Ulendo uno injini sinayankhe n'komwe. Thukuta linali kamukamu, ndipo kunatsala ola limodzi ndi theka.

Kumbuyo kwanga kunamveka kutsokomola. Apongozi anali ataima pafupi ndi geti, atavala chitenje chawo cha ulendo, chikwama kukhwapa, nkhope atalozetsa kukhoma monga mwa mwambo. Lenah anaima pakati pathu.

"Lenah," anatero polankhula ndi khomalo, "uwafunse bambo a Tupochile ngati anazula mawaya onse nthawi imodzi."

"Akuti kodi munazula..."

"Ndamva. Muwauze kuti pang'ono."

"Pang'ono bwanji, mawaya alipo anayi okha?" anatero apongozi osadikira n'komwe kuti Lenah awauze.

Apa m'pamene ndinakumbukira. Malemu apongozi aamuna anali ndi galaja ku Ndirande, ndipo mayiwa anakhala zaka makumi awiri akuwapatsira masipanala.

"Uwauze kuti mapulagi sathetheka chisawawa. Amalandizana moto mwadongosolo: yoyamba, yachitatu, yachinayi, yachiwiri. Waya uliwonse uli ndi pake. Munthu wanzeru amasintha pulagi imodzi, kubwezera waya wake, kenako ina."

Lenah, amene sasiyanitsa injini ndi makina osokera, anandifikitsira uthengawo utatsala mafupa okhaokha. Ndinalumikiza zomwe ndinamvazo. Phuu! Utsi wakuda unafika mpaka pachitenje cha ulendo chija.

Kenako apongozi anapatsira Lenah chikwama, n'kutembenuka. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"A Reinford, tasunthani."

Dzina langa lenileni, pakamwa pa apongozi! Ndinafuna kuthawira kufiliji, koma anali atandigwiritsa kale mawaya.

"Gwirani apa. Osati apo, apa! Nanga mapulagiwa mwamanga chonchi, mumaopa kuti athawa? Yambani ndi zala, sipanala ndi yomalizira chabe."

Tinaweramira limodzi mu boneti, mitu kutsala pang'ono kugundana. Iwo ankaloza, ine ndinkalumikiza. Anandionetsa kampata ka kunsonga kwa pulagi komwe moto umalumpha, n'kunena kuti pulagi ikada ndi mwaye, galimoto ikudandaula ndithu, munthu uzimvetsera. Anandiseka, inenso ndinaseka. Pa mphindi khumi zokha tinacheza zambiri kuposa zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati wanga.

"Kalizeni."

Injini inalira mofatsa ngati mphaka wokhuta.

Boneti itangotsekedwa, mwambo unabwerera. Apongozi anakhala kumpando wakumbuyo, maso pazenera msewu wonse wa Mombasa Road. Tinafika pabwalo la ndege kutatsala mphindi zochepa kuti atseke.

Ndinapeza zomwe ndinkafuna, koma ndinene mosabisa, chisoni chinandigwira. Masabata atatu athunthu ndinkathawa munthu amene ndikanakonda kucheza naye kuposa alendo onse omwe analowapo m'nyumba mwanga. Pansi pamtima ndinalakalaka ndikanasokonezanso waya umodzi.

Pakhomo lolowera anakumbatira Tupochile, kenako anayang'anitsitsa sutikesi yawo.

"Lenah, uwauze bambo a Tupochile kuti mabuleki akulira. Asawakhudze. Ndibwera pa Khirisimasi."

Mabuleki ndinakawapereka kwa fundi, popeza moyo ndimaufunabe, koma ndinamuchenjeza kuti china chilichonse asachikhudze, chili ndi mwini wake. Titafika kunyumba ndinavula jekete, n'kukankhira filiji ija kukhoma.