Nkhata ya Maluwa Ofiira

Nachisale anali atagwada pakhonde akuzira, dothi mpaka m'zigongono, pamene njinga ya mlamu wake inaima pabwalo. A Jailosi anali m'komiti ya sukulu, ndipo sankayendera anthu wamba.

"Mlamu, sambani m'manja. Mwana wanu Esime wakhala nambala wani."

"Ndiye dothili ndilisiye liume?"

"Tamverani kaye. Akhala awiri, iye ndi Liness wa a Paison. Malikisi ofanana ndendende."

Nachisale anaima kuzira. Chaka ndi chaka masisitere a ku mishoni ankatenga mtsikana mmodzi wa Sitandade 8, amene waposa anzake pa mayeso otsiriza, n'kukamuphunzitsa ku sekondale yogonera konko. Mmodzi yekha. Bambo ake a Esime chipitireni ku Joni anali asanatumize ngakhale sopo, ndiye khomo lina panalibe.

"Akafanana amatani? Adula bedi pakati?"

"Ayang'ana Chingerezi, chimodzimodzi. Masamu, chimodzimodzi. Tsopano lamulo la masisitere likuti aone ntchito ya manja. Aliyense aonetse nsalu ya patebulo imene anasoka teremu yatha. Esime akuti yake ili m'sutikesi, ndiye andituma."

Nsaluyo m'sutikesi munalibe. M'mawa wina, manachesi atangoyamba kupsa, nkhata ya Nachisale inasowa, dengu litadzaza, anzake akumukuwira pa njira ya ku malire kokagulitsa. Anatsegula sutikesi, napeza nsalu yoyera ya maluwa ofiira m'mbali. M'nyumbamo tebulo munalibe. Nanga nsalu ya patebulo popanda tebulo ndi ya chiyani? Anaipinda maluwa m'kati, n'kuipota. Chiyambire tsikulo, nsaluyo yafika ku malire, ku chigayo, kunkhuni.

"Tsogolani, alamu. Ndibweretsa ndekha."

Anathamangira ku chitsime ndi kachidutswa ka sopo. Anaitikita, anaimenya pamwala, anathira ndi phulusa lomwe. Thukuta ndi madzi a manachesi ophwanyika zinakana kuchoka. Koma ulusi wofiira ndiye unavomera, unasuluka n'kuyenderera ponseponse. Anaifinya, naibisa m'kati mwa chitenje.

Mu ofesi ya ahedi munali asisitere, mphunzitsi wa zosoka Mayi Kumwenda, ndi atsikana awiriwo ataima kukhoma, manja kumbuyo. Amake Liness anali atafika kale. Nsalu ya mwana wawo inali itayalidwa, yoyera mbee, mizere ya simbi ya makala ikuoneka.

"Yanu, mayi?" anafunsa ahedi.

Nachisale anaitulutsa. Inadontha madzi pa tebulo la ahedi. Pakati pake panali bwalo lakuda, ngati pokhalira mphika, ndi kabowo pamene dengu linkakhula.

"Abale inu," anatero amake Liness, chala pakamwa. "Imeneyi inali pa tebulo la kukhola?"

A Jailosi anayang'ana kudenga. Asisitere anaitembenuza nsaluyo ndi nsonga za zala, nayang'anitsitsa kuseri.

"Kusoka kwake kulibe cholakwika. Kukuposanso uku. Koma sitiona singano yokha ayi, timaona ndi kasamalidwe. Esime, chachitika n'chiyani?"

Esime anayang'ana bwalo lakudalo. Kenako anakweza maso, nayang'ana pamutu pa amake, pamene tsitsi linaperepeseka ndi katundu. Sanachedwepo.

"Ndine, asisitere. Ndinkasenzera madzi."

"Iwe?" anatero Mayi Kumwenda. "Iwe amene unkasamba m'manja usanaigwire?"

Mphunzitsiyo ankafunsa mwana, koma maso ali pa mayi. Nachisale anatsegula pakamwa. Mawu analipo, anali pafupi, koma amake Liness anali atatchera kale khutu, ndipo chimene akanamva apa chikanafika pa chigayo dzuwa lisanalowe. Anayamba kukanda dothi louma la pachigongono.

Asisitere anadikira pang'ono. Kenako anagamula.

"Kwathu kuja mtsikana amasunga bulangete la eni, mbale ya eni. Titenga Liness."

Nthungululu ya amake Liness inawaperekeza mpaka pa mtengo wa mbendera.

Panjira Nachisale anali patsogolo, akuponda mwamphamvu. Atadutsa munda wa nandolo anatembenuka.

"Iwenso, pakamwa ulibe? Osanena kuti nsaluyo ndi ya mayeso bwanji?"

"Ndinanena, amayi."

"Liti?"

"Tsiku lomwe ndinabwera nayo. Munati ndisakusokoseni, mukupeta."

Nachisale anapitiriza kuyenda. Nsalu yonyowayo inali itamunyowetsa m'chiuno monse, ndipo anthu amene ankakumana nawo ankayang'ana pomwepo.

"Ahedi akuti ndikhoza kubwereza," anatero Esime chapansipansi. "Koma obwereza masisitere satenga."

"Ndamva."

Kunyumba anapeza dothi litauma m'beseni, nkhuku zitapondaponda mbali imene anazira. Esime anapinda manja a yunifolomu kuti athandize.

"Choka apa. Ukuda zovala."

"Amayi, khondeli n'lalikulu."

"Ndati choka!"

Mwanayo analowa m'nyumba. Nachisale anathira madzi m'beseni, nakanya ndi dzanja limodzi, nagwada. Anayambira pakona pomwe, pa mapazi a nkhuku, nkhope pansi. Mbali ya kukhomo inali isanakhudzidwe n'komwe.