Ndime Yachitatu ya Kapepala ka Koleji

Ntchito yanga ndi yodula ndi kupinda mapepala pa kampani yosindikiza makalendala, makadi ndi timapepala tolengeza zinthu. Ndagwirapo zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinazolowera kusawerenga zimene ndikudula. Mpeni wa makina odulira sudikira munthu. Mnzathu wina anasiya zala ziwiri pamenepo. Koma Lolemba lija, mulu umene anandiikira patebulo unali ndi chizindikiro cha koleji imene mwana wanga wamkazi wachisamba ankafuna kulowa, ndiye maso anangopita okha.

Kolejiyo ndi ija imaphunzitsa ana chaka chimodzi akamaliza sekondale, kuwakonzekeretsa zolowa kuyunivesite. Pamwamba pa kapepalako panalembedwa kuti zofunika polowa zasintha. Ndime yoyamba ndi yachiwiri sizinandidetse nkhawa. Yachitatu inati wofunsira malo akhale ndi makirediti asanu ndi limodzi, masamu ali momwemo, ndipo onsewo akhale opezeka pa mayeso olemba ulendo umodzi. Pansi pake anawonjezera kuti asapitirire zaka makumi awiri.

Ndinawerenga katatu.

Mwana wanga timamutchula kuti Mafunso, chifukwa ali wamng'ono ankatitopetsa ndi "chifukwa chiyani" kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mayeso otsiriza a sekondale analemba kawiri. Ulendo woyamba anakhoza bwino maphunziro asanu, masamu n'kumugwetsa. Aphunzitsi ake anati abwereze zonse. Iyenso ankafuna zomwezo. Amene anakana ndine. Ndinati, "Munthu sagwetsa nyumba yonse chifukwa cha zenera limodzi losweka. Lemba masamu okhawo." Anandimvera, analemba, anakhoza. Nthawi imeneyo akoleji ankalola kuphatikiza zotsatira ziwiri, ndipo ine ndinkayenda ndi mapewa m'mwamba kuti ndinaganiza bwino.

Tsopano kaundula wa mayeso a chaka chino anali atatseka kale. Kulemba chaka chamawa kunatanthauza kuti pofunsira malo adzakhala atadutsa zaka zija. Khomo silinangotsekedwa, analikhomera misomali.

Bwana wathu anali atanena m'mawa womwewo kuti ntchito ya akoleji isatuluke pakhomo, ngakhale pakamwa, mpaka Lachisanu pamene eni ake adzalengeze. Ndinadula mulu wonsewo, ndinapinda, ndinamanga m'mitolo, manja akugwira okha ngati a munthu wina.

Madzulo ndinapeza Mafunso ali patebulo, akudzaza fomu ya chaka chatha ndi pensulo, ati kuyeserera kuti yeniyeni ikadzatuluka asadzalakwitse.

"Ababa, apa akuti ntchito ya kholo. Ndilembe kuti wosindikiza kapena wodula?"

"Lemba zilizonse."

"Zilizonse? Ndilembe kuti woyendetsa ndege?"

Mng'ono wake anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Ine ndinayesa kuseka, koma zinatuluka ngati chifuwa. Chakudya sindinachithe. Ndinanamizira mutu.

Lachiwiri ndinadula molakwika makadi a ukwati wa anthu, dzina la mkwati linatsala theka. Mkulu wa makina, bambo wachikulire amene timamutchula kuti Ankolo, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Iwe, zaka zonsezi sunadulepo dzina la munthu. Chakuluma n'chiyani?"

"Palibe, Ankolo. Tulo basi."

"Tulo timadula makadi, nkhawa imadula zala. Tapita ukamwe madzi."

Lachitatu m'mawa, mayi a kunyumba anandipanikiza pakhomo la bafa, ana asanadzuke. Iwo amagwira ntchito yosita zovala pa hotela ina, ndipo amati makwinya a nkhope yanga amawadziwa kuposa a malaya. Ndinawauza zonse.

Anaika thaulo paphewa n'kundiyang'ana.

"Ndiye mwakhala nazo masiku awiri, mwana akudzaza fomu pamaso panu?"

"Bwana anati zisatuluke."

"Bwana ndi amene anabereka mwanayu? Muuzeni lero. Akamvera pa wailesi, kenako n'kudziwa kuti munazidula ndinu ndi manja anu, mudzamuyang'ana bwanji?"

Ndinamuuza Mafunso asanamwe tiyi. Ndinayembekezera kulira, koma iye anangoyang'ana pensulo yake. Atatsegula pakamwa, mawu ake anali otsika kwambiri.

"Ndinakuuzani, ababa. Ndinati ndilembe zonse."

"Unanena, mwanangu."

"Aphunzitsi anakuuzaninso."

"Ananena."

Zikanakhala bwino akanandikalipira. Analowa kuchipinda, ndipo tinamva akutsegula sutikesi imene timasungamo mapepala ofunika. Anatuluka ndi envulopu ya masatifiketi.

"Lamulolo akalilengeza Lachisanu, si choncho? Ndiye lero silinayambe. Tiyeni tikapereke mapepala lero."

Ndinatumiza uthenga kuntchito kuti ndili kuchipatala, ndipo tinakwera basi. Mafunso anafumbata envulopu ija pachifuwa, ine ndikuyang'ana pawindo, ndikuwerenga zikwangwani za masitolo kuti mutu usaime.

Ofesi yolembera ophunzira inali kumapeto kwa khonde lalitali lonunkha polishi. Munali benchi imodzi, wotchi yakufa, ndi zenera lagalasi lokhala ndi kabowo pansi. Kuseri kwake kunali kalaliki, mnyamata wa tayi yofiira amene ankadya bisiketi mobisa m'dirowa.

"Mafomu sitinayambe kulandira," anatero asanayang'ane n'komwe envulopu. "Bwerani Lolemba."

"Lolemba mudzalandira pa malamulo ati?" anafunsa Mafunso. "Akale kapena atsopano?"

Kalaliki uja anasiya kutafuna. "Atsopano ati? Wakuuzani ndani za malamulo atsopano?"

Ndinaona ntchito yanga ya zaka khumi ndi zisanu ikugwera m'kabowo kaja. Ndinagwira mwanayo pamkono kuti tizipita, koma anandisasa.

"Zangomveka basi, achimwene. Funso langa n'lakuti, munthu amene analemba kawiri lamulo lisanasinthe, walakwa chiyani?"

"Ine si wopanga malamulo, achemwali."

"Ndiye tionetseni wopangayo."

Tinadikira pabenchi paja maola atatu. Anthu ankalowa ndi kutuluka ndi mafayilo, osatiyang'ana. Nthawi ina ndinati, "Mwina tibwere tsiku lina." Iye anayankha kuti, "Inu pitani, ababa, ine ndikhala." Ndinakhala.

Nthawi ya nkhomaliro itadutsa, anatilowetsa kwa mlembi wamkulu wa koleji, mayi wa imvi zochepa, wooneka wotopa, tebulo lake litadzaza mafayilo. Anayala masatifiketi awiri aja pafupi n'pafupi, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Masamu unakhoza bwino ulendo wachiwiriwu," anatero.

"Ndinawawerenga chaka chathunthu, mayi."

"Ndikuuze zoona, mwanangu. Lamulo ili silinabwere mwankhanza. Malo tili nawo mazana atatu, ofunsira amakwana zikwi zinayi. Ndipo ambiri mwa amene amaphatikiza zotsatira amalephera chaka chisanathe, akakumana ndi maphunziro onse nthawi imodzi. Akomiti anaona zimenezo."

"Koma akanatiuza chaka chatha, ndikanalemba zonse. Anatiuza kuti n'zololedwa, ife n'kuchita zololedwazo. Lero akuti sizololedwa. Ndibwerere bwanji m'mbuyo?"

Mayi aja anavula magalasi n'kutikita maso. Anati nkhani ya ana amene analemba kale inatchulidwa mu komiti, koma anaidumpha poganiza kuti ndi ochepa. Anati iwo paokha sangasinthe kanthu. Komiti idzakumananso pakatha sabata ziwiri, ndipo kalata yodandaula ikabwera adzaiika patebulo.

"Koma kalata ya munthu mmodzi imagwera pansi pa fayilo," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Bambo, inu mumagwira ntchito kuti?"

Ndikanatha kunama. Koma mwana wanga anali pomwepo, atangoyankhula zoona zokhazokha. Ndinatchula kampani yathu. Mayi aja anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, osalemba kanthu.

Mu basi pobwerera, Mafunso anayamba kuimbira anzake amene anabwereza nawo masamu, kuti adzasaine nawo kalata yodandaula ija. Ndinamva akufotokozera woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndipo foni iliyonse inali ngati akundikhomera msomali pamutu.

"Sungadikire Lachisanu?" ndinanong'ona.

"Masiku ndi ochepa, ababa. Ena amakhala kutali. Kapena ndisiye?"

Anandiyang'ana, foni ili m'manja, akudikira yankho langa. Ndinadziwa kuti ndikati asiye, asiyadi, monga momwe anandimverera pa nkhani ya masamu ija.

"Imba," ndinatero.

Pofika Lachinayi masana, nkhani inali itafalikira m'mafoni a makolo, ndipo wina wakukoleji anaimbira bwana wathu. Anandiitanira mu ofesi yake n'kutseka chitseko. Patebulo panali kapepala kamodzi ka mulu uja.

"Ogwira ntchito imeneyi munali anthu anayi. Mwa anayiwo, amene ali ndi mwana wa msinkhu umenewu ndiwe wekha. Ndifunse kapena unena?"

"Ndine, bwana."

"Ukudziwa kuti akoleji ndi makasitomala athu a zaka zingati? Ukudziwa kuti akatisiya, si iwe wekha amene upite kunyumba?"

Anandiuza kuti ndikakhale kunyumba mpaka atandiitana, ndipo sananene kuti liti. Potuluka, Ankolo anandiperekeza mpaka pageti.

"Ukanandiuza, ndikanati ndine ndinaulula," anatero. "Ine ndatsala pang'ono kupuma ntchito, angandichite chiyani?"

Sabata ziwiri zimene zinatsatira zinali zazitali kuposa chaka. Ndinkadzuka nthawi yanga yakale, kusamba, kuvala, kenako n'kukhala pampando osadziwa kopita. Foni ikalira, ndinkaithamangira: bwana kapena akoleji? Nthawi zambiri anali alamu anga kufunsa ngati pali nkhani. Mayi a kunyumba sanandidzudzule ngakhale kamodzi, koma ndinkawaona akuima pakhomo nthawi yaitali asanalowe, akukonza nkhope.

Nyumba yathu inasanduka ofesi. Ana ndi makolo ankabwera kudzasaina kalata, ena ndi nsapato zafumbi, ochokera kutali. Bambo wina, mlonda wa pabanki, anabwera ndi yunifolomu yake, mwana wake wamwamuna ali pambuyo, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Anati wake uja anali atasiya kudya chimvereni nkhaniyo. Mayina anakwana makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu. Kalatayo ndinaipinda ndine, patatu, mizere yowongoka bwino. Ndi ntchito yokhayo imene ndinaidziwa pa nkhani yonseyi.

Tsiku la komiti sitinamve kanthu. Mawa lake sitinamvenso kanthu. Mafunso anayamba kuchapa zovala zoyera kale. Tsiku lachitatu, chakumasana, uthenga unalowa pafoni yake. Anauwerenga ataima pachingwe choyanikira, kenako anabwera n'kundipatsa foniyo.

Lamulo silinasinthe. Koma kwa chaka chino chokha, amene analemba kawiri lamulolo lisanalengezedwe aloledwa kulemba mayeso apadera olowera, maphunziro anayi tsiku limodzi, pakatha masiku khumi. Pa ana onsewo adzatengapo khumi ndi asanu.

"Khumi ndi asanu okha," ndinatero.

"Dzulo panalibe ndi mmodzi yemwe, ababa. Tandibwerekeni tebulo."

Masiku khumiwo ndinkamufunsa mafunso a kemisitiri kuchokera m'buku, ndikutchula mawu molakwika mpaka iye n'kumaseka. Kanali koyamba kuseka nane chichitikireni zija. Tsiku la mayeso ndinamuperekeza, n'kukhala panja pa mpanda pamodzi ndi mlonda wa pabanki uja. Tinakhala maola asanu ndi limodzi, tikukambirana za mpira umene tonse sitinaonere.

Zotsatira anazimata pa bolodi la pakhonde lija patatha sabata. Ine ndinalephera kuyandikira; ndinaima patali, ndikuyang'ana msana wa mwana wanga pakati pa gulu. Ndinaona chala chake chikutsika pamndandanda, chikutsikabe, mpaka ndinatseka maso. Dzina lake linali la nambala khumi ndi zitatu.

Mwana wa mlonda uja panalibe. Bambo ake anabwera kudzatiyamikira, akumwetulira movutikira, kenako anagwira mwana wawo paphewa n'kumapita. Chimwemwe chathu tinachisunga mpaka titakwera basi.

Bwana anandiitana patatha mwezi ndi theka. Akoleji sanatisiye, koma iye anati ntchito zachinsinsi sindidzazigwiranso, ndipo anandichotsa pa makina n'kundiika kosungira katundu, kumene ndimanyamula mitolo ya mapepala ndi kulandira magalimoto. Msana umandipweteka madzulo, ndipo anyamata amene ndinawaphunzitsa ntchito ndi amene amandituma tsopano.

Mafunso amabwera kunyumba Loweruka lililonse ndi chikwama cholemera. Akuti maphunziro ndi ovuta kuposa momwe ankaganizira, ndipo awiri mwa khumi ndi asanu aja asiya kale. Mng'ono wake adzalemba mayeso otsiriza chaka chamawa. Dzulo mng'onoyo anandibweretsera pepala losankhira maphunziro kuti ndisaine, n'kundifunsa maganizo anga. Ndinamuuza kuti adikire Loweruka, tikakhale pansi tonse anayi.