Yureya pa Duwa la Malemu Charlotte

Ndinali kusita malaya anga opitira ku tchalitchi pamene foni ya mkazi wanga Emmy inalira. Anali Dingani, mkamwini wathu, akuimba kuchokera ku Kitwe: mwana wathu Yande wabereka mwana wamkazi, kudakali masabata atatu kuti tsiku lake likwane. Ndinazimitsa simbi n'kugwada pomwepo pafupi ndi tebulo. Emmy anathokoza Mulungu akupinda zitenje n'kumaziponya m'chikwama.

M'mawa mwake, ndisanam'perekeze kokwerera basi ya ku Kitwe, anandikokera pa zenera la m'khitchini. Pamenepo, m'kanyumba kathu ka ku Kabwata, panali kamphika ka duwa lake, la masamba onenepa osalala ngati opakidwa mafuta. Timitu ta maluwa tinali titatuluka koma tisanatseguke. Anam'patsa duwali ndi mkulu wake Charlotte, chaka chimene anamwalira. Nyengo yozizira ikafika linkachita maluwa ofiira, ndipo Emmy ankayamba waliyang'ana kaye asanaike ketulo pamoto.

"Bashi Yande, mvelani. Manzi kamozi pa wiki, pang'ono chabe. Osachita vinangu."

"Ndamva, Amake Yande."

"Nikuzibani imwe. Osachita vinangu."

Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka makumi atatu ku Katete ndi ku Petauke. Ndikafika pa njinga yamoto, amuna akuluakulu ankavula zipewa. Tsopano ndinali kuphunzitsidwa kathiriridwe ka mphika.

Sabata yoyamba ndinamvera. Yachiwiri ndinaona masamba awiri a pansi atasanduka achikasu. Mlangizi aliyense akaona chikasu pa masamba a pansi amadziwa kuti mbewu ili ndi njala. Kuseri kwa chitseko kunali feteleza wa yureya wotsala wa ku kamunda kathu ka chimanga ku Lilayi. Ndinalingalira chonchi: chimanga chikafika m'maondo timathira feteleza wobereketsa. Duwali linali pafupi kubereka maluwa. Dzina lokha la fetelezayo linandiuza kuti ndikulondola.

Ndinachita zonse monga ndinkaphunzitsira alimi. Ndinaboola dothi ndi kamtengo, kutalikira chala chimodzi kuchoka pa tsinde, n'kuthiramo chitsekerero cha botolo chodzaza, n'kukwirira. Kenako ndinawonjezera chitsekerero china, poti linali duwa la malemu. Yureya amafuna chinyezi, choncho ndinathira madzi jagi yathunthu. Ndinapempheranso kuti Emmy akadzabwera adzapeze maluwa ochuluka kuposa zaka zonse, adzandifunse chinsinsi chake, ine ndidzangomwetulira modzichepetsa.

Patapita masiku atatu, m'mphepete mwa masamba munapsa ngati mwadutsa moto. Timitu ta maluwa tinayoyokera pa zenera. Tsinde linafewa ngati nthochi yowola.

Emmy ankaimba tsiku lililonse. Ankandiuza za mdzukulu, kuti ali ndi makutu anga, Mulungu am'chitire chifundo. Tsiku limenelo anafunsa, "Nanga duba ili bwanji?"

"Lilipo," ndinatero.

Ndinadziuza kuti limenelo si bodza.

Lachisanu ndinakulunga mphikawo m'pepala la pulasitiki n'kukwera minibasi ya ku Woodlands, kumene anthu amagulitsa maluwa m'mphepete mwa msewu. Mayi wina amene ndinakhala naye pampando anandilandira mphikawo n'kuuika pamiyendo pake kuti ndikhale bwino. Sanafunse chimene chinali m'katimo. Ndinam'thokoza kawiri, kachiwiriko chifukwa chosafunsa.

Wogulitsa maluwa amene ndinam'peza anali mayi wa msinkhu wanga, dzina lake Salifyanji. Anavundukula mphikawo, anapisa chala m'dothi, n'kununkhiza.

"Ba shikulu, munaikamo chani umu?" anafunsa, akundiitana mmene amaitanira agogo m'tauni muno.

"Kafeteleza pang'ono."

"Kabwanji?"

"Yureya."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno, n'kuitana mnzake wogulitsa miphika. "Ba Norbert, bwelani muone! Ba shikulu bafuna kukolola masaka ya chimanga pa windo!"

Ndinavula chipewa. Sindikudziwa chifukwa chake.

Atamaliza kuseka anandifotokozera modekha, ngati kuti sanaseke konse. Duwa lotere limasunga madzi m'masamba ake, ndipo linazolowera dothi losauka. Feteleza wake ndi wosungunula m'madzi, wochepetsedwa mphamvu mpaka atatsala pang'ono kukhala madzi okhaokha, kamodzi pa mwezi, nthawi imene likuphuka masamba atsopano. Yureya wanga anatentha mizu, jagi ya madzi ija n'kumaliza ntchito.

"Nanga masamba a pansi achikasu aja?" ndinafunsa.

"Ni ukalamba chabe. Monga imwe na ine. Mufuna batithile yureya?"

Pamzere wake panali maluwa ena a mtundu womwewo, timitu tisanatseguke. Anaona pamene maso anga anaima, ndipo ndinali nditamuuza kale kuti duwa lakufalo ndi la mkazi wanga.

"Tengani imozi muike mu poto yamene iyi. Ba mayo sibazaziba."

"Ndi lofiira?"

"Yambili ni yofiila."

Ndinatenga. Ndikunyamuka, anathyola kansonga kamodzi ka duwa lakufalo komwe kanali kadakali kolimba, nakakulunga m'nyuzipepala.

"Aka kakali na moyo. Kaume masiku atatu, mukaike pa mchenga. Kapena kazagwila, kapena iyayi. Osathilila."

Kunyumba ndinatsuka mphika wa Charlotte, n'kuokeramo duwa latsopano. Linakongola kuposa mmene lakale linakongolerapo, ndipo zimenezo sizinandisangalatse. Ndinathothola masamba awiri kuti lisaoneke lonyada kwambiri. Kansonga kaja katauma masiku atatu ndinakaika mumchenga m'kachitini ka majarini pamwamba pa kabati, kuseri kwa mapoto. Masiku otsatirawo ndinkalowa m'khitchini mowerama ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni.

Emmy anabwera Lamlungu la sabata yotsatira, masana. Anandionetsa zithunzi za mdzukulu pa foni, makutu aja alidi anga. Kenako analowa m'khitchini. Ndinamva mapazi ake ataima pa zenera. Anaima nthawi yaitali. Ndinadikira kuitanidwa, koma ndinangomva ketulo ikuikidwa pamoto.

Anabweretsa tiyi. Anandithirira shuga mmene ndimakondera, nandipatsa buledi wa kumapeto, wolimba uja, amene amadziwa kuti sindigawana ndi munthu. Akadandikalipira zikadandipepukira.

"Tipempheleleni," anatero.

Ndinatsinzina. Ndinathokoza chifukwa cha ulendo, cha Yande, cha mwana. Kenako pakamwa panapitiriza pokha.

"Ambuye, khululukirani anthu amene amadziona ngati odziwa zonse. Khululukirani amene amauzidwa chinthu chimodzi, iwo n'kuchita china. Khululukiraninso amene amati akalakwa, amabisa. Amen."

Emmy sananene amen. Nditatsegula maso ndinapeza akundiyang'ana, manja adakali opinda.

"Bashi Yande, aba bantu mwapemphelela, bankala kuti?"

"Kuno ku Kabwata."

"Bali bangati?"

Ndinayang'ana buledi. "Si ambiri."

"Duba ya ba Charlotte inali yofiila. Ija pa windo yayamba kutseguka lelo. Ni ya yelo." Atatero anatembenuzira nkhope kukhoma.

Ndinadzuka, ndinakwera pampando, n'kutsitsa kachitini kaja. Ndinakaika patebulo pakati pa makapu athu. Kansongako kanali ndi masamba anayi, kataima mopendekera mumchenga. Emmy anakakhudza ndi nsonga ya chala.

Kwa Mulungu ndimalankhula tsiku ndi tsiku popanda vuto, poti sandiyang'ana m'maso. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Amake Yande, duwa la alamu anga ndinalipha ndine, ndi yureya wa chimanga. Katsala ndi aka kokha, ndipo sindikudziwa ngati kagwira. Pa foni ndinakunamizani, ndipo pa zenera paja ndinafuna kukunamizaninso. Ndalakwa. Ndikhululukireni."