Anankafumbwe a M'matumba Anga

Lachiwiri lija ndinatunga madzi kawiri, ndinachapa matewera a mwana wanga Nomsa, ndinaswa mtedza, mbuzi n'kukaimangirira kudambo. Chinatsala n'kutapa chimanga chopita nacho kuchigayo. Nditalowa kuchipinda cha matumba ndinamva kaphokoso, ngati mvula yowaza pa malata a kutali. Kankachokera m'matumbamo.

Ndinapisa dzanja. Linatuluka lili mbuu ndi ufa, anankafumbwe akuyenda pakati pa zala.

Matumba khumi ndi awiri amenewo ndiwo anali chakudya chathu mpaka chimanga chatsopano. Komatu mankhwala ndinali nditathira mwezi wathawo, monga ndachitira zaka zinayi.

Lachinayi, atamva za vuto langa, anabwera pa njinga yamoto a Fortunate, alangizi athu a zaulimi.

"Munathira bwanji, amake Nomsa?"

"Monga timathirira tonse kuno. Theka la bokosi la machesi pa ndowa, kuti paketi imodzi ikwanire nyumba ziwiri."

"Pepala la pa paketi likuti bokosi lodzaza."

"Pepala silisunga banja, amayi."

Sanaseke. Anatulutsa mabotolo awiri. M'limodzi anaikamo anankafumbwe anga makumi awiri. M'linalo anaikamo makumi awiri ochokera kwa amayi awo ku Chipangali, kumene amangothira phulusa. Monsemo anathira mankhwala muyeso wathunthu, n'kumanga kansalu pakamwa. Anati ndiike pawindo, abweranso.

Loweruka tinayang'ana limodzi. A ku Chipangali onse anali gada, miyendo m'mwamba. Mwa anga munafa atatu okha. Enawo ankakwera galasi, kugwa, n'kukweranso.

"Ndiye kuti azolowera?" ndinafunsa.

"Ayi. Amene munawathira chaka choyamba anafa kalekale. Theka lija linkapha ofooka, olimba n'kutsala. Olimbawo anaswana, ana n'kutengera makolo awo. Chaka chotsatira chimodzimodzi."

Sukulu ndinalekera giredi seveni, koma izi sindinafune kuuzidwa kawiri. Chaka chilichonse ndimapatula chimanga cha maso akuluakulu kuti chikhale mbewu. Osadziwa, ndinkapatulanso anankafumbwe.

"Nanga ndikathira mabokosi awiri?"

"Mudzadyetsa mwana mankhwala, iwowa ali moyo."

Ndinayang'ana nyumba ya a Magalita, amene ndimagawana nawo paketi, ndi nkhokwe zina zonse za m'mudzi mwathu.

"Nanga kwa anzanga?"

A Fortunate anamanga chisoti chawo. "Tizilomboti timauluka, amake Nomsa."

Masiku atatu ndinayanika chimangacho, kupeta ndi kusefa, mwana ali kumbuyo. Mbuzi yathu imodzi yokhayo ndinakaigulitsa ku Chipata, n'kugula matumba osalowa mpweya, oti kachilombo kabanike mkati. Matumba asanu anali gaga wokhawokha, anapita ku nkhuku. Atsala asanu ndi awiri. Amenewo adzatha mu Januwale, chimanga cha kumunda chisanamasule, Nomsa ndikumuyamwitsabe.