Makope Omangidwa M'pulasitiki

Agogo sankadziwa kuwerenga, koma ankadziwa zimene zimadya mapepala: chiswe, mphemvu, makoswe, ndi manja a alendo. N'chifukwa chake mwana wawo wamkazi atabwera ndi makatoni atatu n'kuwaika m'chipinda chakumbuyo, mtima wawo sunakhalenso m'malo.

Mwanayo anali mkonzi wa magazini ya akatswiri okonza zojambula zakale: zithunzi zapenti zong'aluka, ziboliboli zofumbwa, nsalu zothetheka. Anaiyambitsa ndi malemu mphunzitsi wake, ili timasamba towerengeka tosoka ndi ulusi. Kenako inakula, n'kumatuluka kawiri pachaka, yonyezimira, yazithunzi zamitundu. Wosindikiza atatseka fakitale yake, inagona zaka zitatu. Itadzuka inkatuluka kamodzi basi, chaka china osatuluka n'komwe. Tsopano denga la ofesi linkadontha, ndipo makope onse, kuyambira loyamba mpaka la 41, anatsala m'makatonimo mokha.

"Amayi, musawakhudze. Mvula ikatha kudzabwera anthu a ku laibulale yaikulu kudzawajambula tsamba ndi tsamba. Akadzawapeza onse ali athunthu, aitenga magaziniyi n'kumaisindikiza iwowo. Apo ayi, yafa."

"Ndiwakhudze ndine? Ndimadya mapepala ine? Koma iwe, katoni pansi! Chiswe sichigogoda pakhomo."

"Ndaika pamatabwa. Zenera lizikhala lotsegula pang'ono."

"Kuti mphepo ya mvula izilowa? Sukulu yonse ija, mwana wanga!"

Mwanayo anaseka, n'kupita.

Mvula inagwa milungu itatu osapuma, mpaka khoma linayamba kuchita thukuta. M'mawa uliwonse Agogo ankalowa m'chipindamo kukagwira makatoni aja: ozizira, ofewa m'makona. Chinthu chosungitsidwa n'choopsa. Chikawonongeka mlandu ndi wako, ngakhale anakuuza kuti usachikhudze. Anatseka zenera. Anatulutsa makope onse n'kuwaika asanuasanu m'majumbo apulasitiki, mmene amachitira ndi zovala zawo zabwino, kufinya mpweya wonse, kumanga kukamwa ndi mphira. Ngakhale nyerere sikanapeza polowera. Pamwamba anatsindika ndi makina osokera, poti khoswe ndi wakuba wamphamvu. Apo m'pamene mtima unakhala pansi.

Patatha miyezi iwiri mwanayo anabwera ndi bambo wa ku laibulale, wovala magolovesi oyera.

"Amayi, izi n'chiyani?"

"Uzithokoza. Ukanapeza ufa wokhawokha."

Mwanayo anadula jumbo limodzi. Munatuluka fungo la chuku. Makope asanu anali atasanduka njerwa imodzi. Analowetsa kampeni kake kopyapyala pakati pa masamba, pang'onopang'ono. Chithunzi chinasupuka, theka uku, theka uko.

"Analowamo ali ndi chinyezi kale," bamboyo anatero motsitsa mawu. "Pepala lonyezimirali likamatirana chonchi, latha. Paja inu munalembapo zimenezi m'magazini yomweyi."

"Kope la 19," mwanayo anayankha, osadzutsa mutu.

Anatsegula majumbo onse, limodzi limodzi. Amene anapulumuka ndi makope asanu oyambirira okha, a pepala lokhakhala. Bamboyo anavula magolovesi ake, napepesa, nati kwawo sangalandire zidutswa. Anatsanzika Agogo mwaulemu, n'kutuluka.

Agogo anaima pakhomo la chipindacho, manja ali kumbuyo. Ankadikira kukalipiridwa. Kukanawapepukira.

"Iweyo unalemba kuti pulasitiki ndi yoipa?"

"Ee, Amayi. Masamba khumi."

"Nanga osandiwerengera bwanji?"

Mwanayo anakhala pansi pakati pa njerwa zamapepala zija, natenga ina n'kuitembenuzatembenuza, kufunafuna pomwe kampeni kangalowe. Panalibe.

"Nyamukapo pasimentipo," Agogo anatero. "Udwala chifuwa."

Sananyamuke.