Maselo Anga Ogontha

Kwa milungu itatu maselo anga anandinyanyala. Ndinali m'chaka chomaliza cha maphunziro, ndipo aprofesa ananeneratu kuti likafika Lachisanu popanda zotsatira, ndibwereza chaka. Chonsecho mayi anga anali atandisoketsera kale diresi lodzalandirira digiri, n'kulengeza kwa azakhali onse.

Pakamwa ntchitoyo inali yophweka. Selo ya T, msilikali wa m'magazi, ili ndi kogwirira pakhungu pake. Kakagwira kachidutswa ka mdani, mapuloteni a m'kati amapatsirana uthenga, uyu kuuza uyo, mpaka timakomo titseguka, mchere wotchedwa kashiamu n'kulowa, selo n'kudzuka kukamenya nkhondo. Ine ndinkathira utoto woti kashiamu akalowa, selo iwale mobiriwira pa maikulosikopu. Koma angawo ankangophethira kamodzi, basi n'kuzima. Ndinkawalalatira kuti ndi ogontha ngati mlamu wanga akamaonera mpira.

Lachitatu m'mawa a Mabotolo, bambo amene amasakaniza mankhwala mu labu yathu, anandipeza nditagwira kutsaya. Chiyambire ndinali ndisanawafunsepo kanthu, poti, ndisaname, ndinkadziyesa wophunzira kuposa iwo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza kudandaula. Pa maikulosikopu sanasuzumire n'komwe. Anangonyamula botolo la madzi amene ndinkasungiramo maselo, n'kuwerenga kapepala kake.

"Mwanangu, uthenga ukufika ndithu, ndipo makomo akutseguka. Koma panjapo palibe woti alowe. Awa ndi madzi otsukira, mulibe kashiamu."

Anati kuphethira kuja kunali kashiamu wochepa amene selo imabisa m'kati mwake. Kenako anandifunsa chimene ndinasiyira botolo loyenera. Ndinayankha ndikuyang'ana nsapato zanga: botololo limakhala pashelefu yapamwamba, ine ndine wamfupi, ndipo kupempha munthu kuti anditsitsire kunkandichititsa manyazi. Mumtima ndinkati madzi ndi madzi.

A Mabotolo anaseka mpaka anavula magalasi. Anatsitsa botololo, tinasintha madzi, ndinadonthezamo mdani. Selo imodzi inawala, osazima. Ina, inanso, mpaka mbale yonse inabiriwira. Ndinalira ndi chimwemwe, mamina ndi misozi, pamaso pa munthu amene ndinkamudutsa ngati kabati.

Nditaimbira mayi kuti diresi lija alisite, anati alisita kale kawiri, amangodikira kuti ine ndisiye phokoso.

Lachinayi m'mawa ndinapeza botolo loyenera lija lili pashelefu yapansi, pamene mkono wanga umafika. A Mabotolo anali pasinki, akutsuka, ngati sakudziwapo kanthu.